KABOKOSI KA INTANETI M'NYUMBA: LIWIRO LAKE NDI PAMENE MAFUNDE AKE ALEKEZA

Masiku ano aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, ndiponso eni magolosale a m'midzi ali kugula kabokosi kakang'ono kogawira intaneti m'nyumba. Ena akatcha rauta, ena akatcha MiFi, makamaka kakakhala kochepa kokwana m'thumba la malaya. M'kati mwake muikidwa SIM khadi ya kampani ya mafoni, monga TNM kapena Airtel. Kabokosiko kalandira intaneti kuchokera ku nsanja ya netiweki, nikaigawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumbamo popanda waya. Kugawa kopanda waya kumeneku ndiko kutchedwa WiFi.

Koma pali dandaulo limodzi limene limveka kawirikawiri. Munthu wasunga ndalama miyezi ingapo, wagula kabokosi kamene pa katoni yake palembedwa 150 Mbps kapena 300 Mbps, nagulanso bandulo ya mwezi wathunthu. Atafika kumudzi apeza kuti pabalaza zinthu ziyenda bwino, koma kuchipinda chithunzi chimodzi chichedwa mpaka madzi a tiyi kuwira, ndipo kuseri kwa nyumba kulibiretu kanthu. Pomwepo aganiza kuti wogulitsa uja wam'nyenga. Ena abwerera ku tauni kukagula kena kodula koposa, napeza kuti vuto likadali pomwepo. Nthawi zambiri kabokosiko kalibe chilema chilichonse. Chofunika ndi kudziwa m'mene kagwirira ntchito ndi malo oyenera kukaikapo.

Njira ziwiri

Uthenga uyenda njira ziwiri usanafike pa foni ya munthu. Njira yoyamba ndi yaitali. Dziko la Malawi silinachite malire ndi nyanja yamchere, chotero intaneti yochokera kunja ifika kuno pa zingwe zodzera m'maiko oyandikana nawo, monga Tanzania ndi Mozambique. Zingwezo zikakumana ndi zina zazikulu zogona pansi pa nyanja ya Indian Ocean, monga SEACOM imene inayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy imene inayamba mu 2010. M'dziko muno uthengawo upitirira kufikira ku nsanja imene ili pafupi ndi mudzi, ndipo kuchokera pa nsanjapo udutsa mumlengalenga kufika pa kabokosi. Njira yachiwiri ndi yaifupi ndithu, mamita owerengeka okha, kuchokera pa kabokosi kufika pa foni. Imeneyi yokha ndiyo WiFi.

Mlimi wa kudimba adziwa kuti ngakhale akumbe ngalande yotakata bwanji m'munda mwake, madzi olowamo ndi okhawo amene mtsinje wapereka. N'chimodzimodzi pano. Ngati nsanja ili kutali kapena kuseri kwa phiri, ndipo ipereka pang'ono, kabokosi ka mtengo wa mbuzi zitatu kagawa pang'ono pomwepo. Ndipo ngati nsanja ipereka zambiri koma kabokosi kabisidwa pansi pa bedi, zambirizo zithera m'chipinda chimodzi.

Anthu ambiri asokonezeka ndi timizere tooneka ngati uta timene tili pamwamba pa foni. Timizereto tikadzaza, tinena chinthu chimodzi chokha, kuti foni ili kumvana bwino ndi kabokosi. Za nsanja sitinena kanthu. Munthu angathe kukhala ndi timizere todzaza pamene intaneti palibe, ngakhalenso pamene bandulo inatha dzulo. Mphamvu ya nsanja ionekera pa kabokosi penipenipo, pa timagetsi take kapena pa kagalasi kake.

Nambala ya pa katoni

Mawu akuti Mbps atanthauza mamegabiti pa sekondi imodzi, ndipo ndiwo muyeso wa liwiro. Bandulo yokha iwerengedwa m'mamegabaiti, olembedwa MB, ndi m'magigabaiti, olembedwa GB. Mabiti 8 apanga baiti imodzi. Chotero liwiro la 8 Mbps libweretsa 1 MB pa sekondi, osati 8 MB ayi. Aphunzitsi a masamu angathe kupatsa ana a Sitandade 8 samu imeneyi, ndipo ana ena aigwira msanga kuposa makolo awo.

Malamulo a kapangidwe ka WiFi alembedwa ndi bungwe la akatswiri a zamagetsi lotchedwa IEEE, limene likulu lake lili ku United States. Lamulo loyamba, lotchedwa 802.11, linatuluka mu 1997, ndipo liwiro lake linali 2 Mbps basi. Mu 1999 kunadza la 11 Mbps, mu 2003 la 54 Mbps linafala m'nyumba za anthu, ndipo mu 2009 kunatuluka limene tsopano litchedwa WiFi 4. Pambuyo pake kwadza WiFi 5, WiFi 6 ndi ena atsopano. Timabokosi tambiri totsika mtengo tili ndi WiFi 4, ndipo nambala ija ya 300 Mbps ichokera kumeneko.

Nambalayo si bodza, koma ndi liwiro la pamene zonse zili bwino kotheratu: kabokosi ndi chipangizo cholandira zili pafupi, zonse ziwiri zili ndi timilongoti tiwiri m'kati, njira yolankhulirana ndi yotakata, ndipo palibe wina wosokoneza. Foni wamba yokhala ndi kamlongoti kamodzi kawirikawiri ilumikizana pa 72 Mbps yokha. Pa liwiro limenelinso gawo lalikulu, pafupifupi theka, lithera m'kupatsana moni kwa makinawo, kudikirana, ndi kutsimikizirana kuti uthenga wafika. Nambala ina ija ya 150 Mbps, imene ipezeka pa MiFi zambiri, inena za njira yoyamba, ndipo ndiyo malire amene kabokosiko sikangapitirire polandira 4G. Kuti munthu ayandikire nambala imeneyo ayenera kukhala pafupi ndi nsanja pa nthawi imene anzake onse ali m'tulo.

Komabe nyumba siisowa liwiro lonselo. Kulankhulana mawu okhaokha pa WhatsApp sikufuna ngakhale 1 Mbps. Kanema wooneka bwino kwambiri afuna ngati 5 Mbps. Banja limene lilandira 10 Mbps mosadukiza lili bwino kuposa limene lilandira 40 Mbps m'mawa nkusowa kanthu madzulo.

Mafunde ndi makoma

WiFi iyenda pa mafunde a mtundu womwewo wa wailesi. Kusiyana kwake kuli pa kutalika kwa funde ndi pa mphamvu. Nyumba zoulutsa mawu pa FM zigwiritsa ntchito mafunde a pakati pa 88 ndi 108 MHz, ndipo funde limodzi litalika ngati mamita 3. WiFi iyenda pa 2.4 GHz, ndiye kuti 2,400 MHz, pamene funde litalika ngati masentimita 12 okha, kapena pa 5 GHz pamene litalika ngati masentimita 6. Nyumba youlutsa mawu itumiza ndi mphamvu ya mawati mazanamazana kapena masauzande, kuchokera pa mlongoti wa pamwamba pa phiri. Kabokosi ka m'nyumba katumiza ndi mphamvu yosakwana ngakhale wati imodzi, kawirikawiri ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a wati. Tsono asadabwe munthu kuti wailesi imveka ndi kumunda komwe pamene WiFi ilephera kufika ku khola la nkhuku.

Mafundewa amwazika mbali zonse monga kuwala kwa nyali, ndipo afooka msanga. Pabwalo popanda chotchinga, munthu akachoka pa mamita 2 nkuima pa mamita 4, mphamvu yofika pa foni yake itsala gawo limodzi mwa magawo 4. Akaima pa mamita 8 itsala gawo limodzi mwa magawo 16. Foni siiduka pomwepo ayi. Chimene makinawo achita ndi kuchepetsa liwiro, monga achitira anthu awiri olankhulana wina tsidya lino la mtsinje wina tsidya lija: anena mawu pang'onopang'ono, nabwereza pamene mnzake sanamve. Ichi ndicho chifukwa chake kuchipinda intaneti ioneka ngati ilipo koma iyenda ngati kamba. MiFi ya m'thumba itumikira bwino mamita ngati 10. Rauta yaikulupo ya milongoti yoonekera ingathe kufika mamita 30 kapena kupitirira ngati makoma ali ochepa.

Makoma sali ofanana. Mpanda wa udzu kapena wa bango, nsalu yotchinga pakhomo, ndi chitseko cha thabwa lopyapyala zichotsa pang'ono chabe. Khoma la njerwa, zootcha kapena zidina, lichotsa gawo lalikulu, ndipo makoma awiri kapena atatu otsatizana angathe kumaliza zonse. Konkire ya zitsulo m'kati ndiyo iposa. Tsono chitsulo chenicheni, monga malata, chitseko chachitsulo, kabati yachitsulo ya ku ofesi ya sukulu, ngakhale sefa yachitsulo yotchinga udzudzu pazenera, chibweza mafunde monga kalilole abweza kuwala. Kalilole weniweniyo nayenso abweza mafundewa, pakuti kumbuyo kwake kwapakidwa chitsulo chopyapyala. Madzi ameza mafunde. Mgolo wodzaza madzi, mtsuko waukulu, masamba a mango onyowa ndi mvula, ngakhale matupi a anthu odzaza m'chipinda, zonsezi zifooketsa WiFi.

Pali chinanso chimene anthu sachiganizira. Funde lodutsa khoma mwachindunji lipyola njerwa imodzi yokha, koma lodutsa chopendekera liyenda mtunda wautali m'kati mwa khomalo. Chifukwa cha ichi kusuntha kabokosi mita imodzi yokha nthawi zina kusintha zinthu m'chipinda chonse.

Munthu asaiwalenso kuti foni nayo iyenera kuyankha. Ngakhale kabokosi kafuule bwanji, kafoni ka mawu ofooka kakalephera kubweza yankho, kukambirana kwatha. Chotero kugula rauta yamphamvu kwambiri si mankhwala a matenda onse.

Timabokosi tina tili ndi mafunde a mitundu yonse iwiri, ndipo pa foni paoneka maina awiri, lina lothera ndi 5G. Pano pali msampha. 5G ya pa dzina la WiFi itanthauza 5 GHz, ndipo ndi yosiyana ndi 5G ya makampani a mafoni. Mafunde a 5 GHz ndi aliwiro kwa munthu amene ali m'chipinda chomwecho, koma makoma awafooketsa msanga. A 2.4 GHz ndi ochedwerapo koma afika patali. Wokhala pabalaza asankhe 5 GHz, wa kuchipinda kapena pakhonde asankhe 2.4 GHz.

Poika kabokosi

Apa ndipo pagona nkhani, pakuti njira ziwiri zija zifuna malo osiyana. Kuti kalandire bwino kuchokera ku nsanja, kabokosi kafuna kukhala pazenera loyang'ana kumene kuli nsanjako, makamaka m'nyumba ya malata, m'mene denga litchinga mafunde ochokera kunja. Koma kuti kagawire zipinda zonse, kafuna kukhala pakati pa nyumba. Zenera silikhala pakati pa nyumba. Tsono mwini nyumba achite chiyani?

Ayambe ndi nsanja, pakuti ngati palibe cholowa, palibenso chogawa. Ayende nako kabokosiko pa zenera lililonse, akuyang'ana timagetsi take, ndipo pa malo alionse adikire kamphindi kuti kakhazikike. Nthawi zina zenera labwino si loyang'ana ku nsanja ya pafupi, koma ku ina ya kutali imene palibe phiri kapena mitengo pakati. Atapeza mazenera awiri ofanana mphamvu, asankhe limene lili pafupi ndi pamene anthu akhala nthawi zambiri. Pamenepo akhome kashelefu m'mwamba, kupitirira mitu ya anthu atakhala pansi, koma osagunda ku malata. Pansi, m'kabati, m'dirowa, kuseri kwa wailesi yakanema, ndi pambali pa mgolo wa madzi, onsewa ndi malo oipa. Anthu ena abisa kabokosi m'sutikesi poopa ana kapena akuba. Manthawo ndi omveka, koma shelefu ya m'mwamba iteteza ku ana bwino lomwe, ndipo usiku kabokosi kangathe kuzimitsidwa ndi kusungidwa.

Pazenera pali ngozi imodzi, ndiyo dzuwa. MiFi ili ndi batire m'kati mwake, ndipo ikakhala padzuwa la mwezi wa October itentha, ichepetsa liwiro yokha, ndipo batire lake lingathe kufufuma ndi kuwonongeka. Ikhale pamthunzi, yosafunditsidwa nsalu. Rauta ya milongoti yoonekera iimikidwe milongoti yake chilili, pakuti mafunde atuluka m'mbali mwa mlongoti, osati kunsonga kwake. Kuloza nsonga ya mlongoti kuchipinda, monga achitira ena, ndiko kupatsa chipindacho mbali yofooka.

Mzere wa pa mjigo

Pa njira imodzi ya WiFi palankhula chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi. Zisinthana msanga kwambiri kotero kuti munthu sazindikira, koma mzere ulipo, monga wa pa mjigo. MiFi zambiri zilola zipangizo ngati khumi, koma kulola si kukwanitsa. Ngati nsanja ipereka 10 Mbps ndipo anthu asanu ali kuonera kanema, aliyense apeza ngati 2 Mbps.

Pa mjigo pakafika munthu wa chigubu cha pakamwa pang'ono, mzere wonse uima. Pa WiFi chigubu chotere ndi foni ya munthu amene ali kutali, kumapeto kwa mafunde. Popeza ilankhula pang'onopang'ono ndi kubwerezabwereza, itenga nthawi yaitali, ndipo amene ali pafupi ndi kabokosi achedwa nawo. Mnyamata wa nyumba yoyandikana amene anamva pasiwedi, naima kuseri kwa mpanda madzulo, sali kungodya bandulo chabe, ali kuchedwetsanso a m'nyumba onse.

Ku nsanja nakonso kuli mzere wake. Nsanja imodzi igawira anthu onse a m'dera, ndipo madzulo, anthu ataweruka, liwiro litsika. Ichi kabokosi sikangachikonze. Mphunzitsi wofuna kutsitsa mabuku kapena kutumiza mafomu achita bwino kutero m'mamawa. Pa malo a malonda, pamene timabokosi tachuluka, WiFi ya nyumba ina isokoneza ya inzake. Pa 2.4 GHz pali njira zitatu zimene sizipondana, za nambala 1, 6 ndi 11, ndipo mwini rauta angathe kusintha nambalayi pa tsamba loyendetsera rautayo. M'mudzi wa nyumba zotalikirana vuto limeneli silioneka kawirikawiri.

Kupeza pamene pali vuto

Munthu asanataye ndalama zina, ayese motere. Aime pambali penipeni pa kabokosi, ena onse atazimitsa WiFi pa mafoni awo, nayeze liwiro pa tsamba loyezera monga Speedtest kapena fast.com. Kenaka apite kuchipinda kumene adandaula nayezenso. Ngati pambali pa kabokosi apeza, mwachitsanzo, 20 ndipo kuchipinda 3, vuto lili m'nyumba, ndipo mankhwala ake ndi kusuntha kabokosi kapena kutsekula chitseko cha pakati. Ngati ponse pawiri apeza 3, vuto lili pa njira yoyamba. Pamenepo ayese zenera lina, kapena SIM khadi ya kampani ina ngati kabokosiko kalola, pakuti timabokosi tina tinatsekedwa kuti tigwire ndi kampani imodzi yokha. Ili ndi funso loyenera kufunsa musitolo ndalama zisanatuluke m'thumba. Kuyezaku kuchitike m'mawa ndi madzulo, koma osati kambirimbiri, chifukwa kuyeza nakonso kudya bandulo.

Pa sukulu nkhani ikula. Kabokosi ka mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu sikangafike ku makalasi a tsidya lina la bwalo. M'masitolo mugulitsidwa timakina tolandira WiFi ndi kuiponyanso patsogolo. Tithandiza, koma ta mtundu wamba tidula liwiro pafupifupi pakati, popeza tiyenera kumva uthenga uliwonse ndi kuunenanso pa njira yomweyo. Ndiponso tiyenera kuikidwa pakati pa njira, pamene mafunde akadali amphamvu. Kukaika m'chipinda momwe mafunde afera ndi kungobwereza mawu osamveka. Njira yodalirika ndi waya wa netiweki wotchedwa Ethernet, umene ungathe kuyenda mamita 100 liwiro losatsika. Rauta ya SIM khadi ikhala pazenera labwino, waya uchoka pamenepo kupita ku chipinda china, ndipo kumeneko kuikidwa kabokosi kachiwiri kogawa WiFi. Ichi chitheka pa rauta yokhala ndi pobayira waya, ndipo MiFi zambiri za m'thumba zilibe. Waya wodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri uikidwe ndi munthu wodziwa ntchitoyo, chifukwa cha mphezi.

Bandulo

Liwiro likakwera, bandulo itha msanga, ndipo ena aganiza kuti aberedwa. Samu yake nayi. Kanema woyenda pa 5 Mbps kwa ola limodzi, ndiwo masekondi 3,600, adya mamegabiti 18,000. Kugawa ndi 8 kupereka 2,250 MB, ndiko kupitirira 2 GB pa ola limodzi lokha. Mapulogalamu monga YouTube akaona kuti liwiro lilipo akweza okha kuwala kwa chithunzi, pokhapokha munthu atawauza kuti achepetse. Pa galasi laling'ono la foni chithunzi cha 360 kapena 480 chikwanira.

Mafoni ndi makompyuta anapangidwa moganiza kuti WiFi ilibe malire, monga zikhalira m'nyumba zambiri za ku Ulaya ndi ku America zolandira intaneti pa waya. Chotero foni ikangolowa pa WiFi iyamba yokha kutsitsa mapulogalamu atsopano ndi kutumiza zithunzi zonse kokasungidwa, mwini wake ali m'tulo. Pa mafoni a Android ndi pa makompyuta a Windows pali posankha kuti WiFi imeneyi ndi yolipira mwa muyeso, mawu ake pa Chingerezi ndi metered, ndipo pa iPhone pali Low Data Mode. Chipangizo chilichonse cha m'nyumba chiuzidwe zimenezi tsiku loyamba.

Pasiwedi imene kabokosi kabwera nayo ilembedwa pansi pake kapena m'kati mwa chivundikiro cha batire, pamene mlendo aliyense angawerenge. Isinthidwe. Malamulo a WiFi afuna zilembo zosachepera 8, ndipo yaitali ndiyo yabwino, yosakhala dzina la mwana, la mudzi, kapena nambala ya foni. Pa tsamba loyendetsera kabokosi, limene adiresi yake ilembedwa pamalo omwewo, mwini wake angaone maina a mafoni onse amene ali kudya bandulo yake pa nthawiyo, ndipo foni yachilendo angaitseke pomwepo.